Mango akutha ndi mphutsi, koma mankhwala ali pakhomo pomwe

MILANGE: Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Januwale, pansi pa mitengo ya mango m'midzi ya m'boma la Milange pamadzaza zipatso zakugwa. Mango ambiri amaoneka abwinobwino kunja, koma munthu akang'amba amapeza mphutsi zoyera zili nyakatanyakata m'kati. Amayi amene amasenza madengu kupita ku msika wa pa boma, kapena kuoloka malire pa Muloza kukagulitsa ku Limbuli, amadziwa zotsatira zake. Wogula akapeza mphutsi m'bango limodzi amanyoza dengu lonse, ndipo ndalama imatsika, kaya ndi metikali kaya ndi kwacha.

Mitengo imeneyi si yachabe kwa anthu a m'munsi mwa phiri la Tumbine. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja amene anathawira ku Malawi anabwerera kwawo napeza nyumba zitagwa ndi minda itasanduka tchire. Ambiri anazindikira mabwinja awo ndi mitengo ya mango imene makolo anabzala. Mpaka lero mango, malalanje, manachesi, mapeyala ndi magwafa ndi amene amagwira mimba za ana m'miyezi ya njala chimanga chisanache, ndiponso ndi amene amagula mchere, sopo ndi makope a kusukulu.

Mlimi akaona mphutsi, maganizo oyamba amakhala ogula mankhwala a m'botolo. Koma mankhwala ndi odula, pampu yopopera ili ndi anthu ochepa, ndipo mtengo wa mango wakale ndi wautali moti wopopera amangodzinyowetsa yekha kumaso. Ena mwa mankhwala amene amagulitsidwa m'misika ya m'malire amakhala m'timabotolo topanda dzina ndi malangizo. M'chaka cha 2014 boma la Mozambique linaletsa mitundu ya mankhwala a mbewu yoposa 60 kaamba koti ndi yoopsa kwambiri kwa anthu ndi chilengedwe. Komanso mphutsi imene yalowa kale m'chipatso mankhwala opopera kunja saipeza.

Njira zina zilipo. Zimafuna manja, maso ndi mgwirizano koposa ndalama.

Mdani wochokera kutali

Mphutsi ya m'mango ndi mwana wa ntchentche. Si ntchentche ya kuchimbudzi ayi. Ndi ina yaing'ono, yakuda mofiirira, ya mizere yachikasu pamsana, imene moyo wake wonse uli pa zipatso.

Ntchentche za zipatso zinalipo kuno kuyambira kale, koma vuto linakula pamene kunabwera mtundu wina wochokera ku Asia. Mtunduwu unaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2003 ku Kenya. Ku Mozambique unapezeka koyamba m'chaka cha 2007 m'boma la Cuamba, chigawo cha Niassa, komwe si kutali ndi Zambezia. Poyamba akatswiri anaupatsa dzina loti Bactrocera invadens, koma tsopano amautcha Bactrocera dorsalis atapeza kuti ndi ntchentche yomweyo imene yakhala ikuvutitsa alimi a ku Asia.

Kuti munthu agonjetse mdaniyu ayenera kudziwa mayendedwe ake. Ntchentche yaikazi imaboola khungu la chipatso chimene chayamba kukhwima ndi kuikiramo mazira. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mazira amaswa. Mphutsi zimadya m'kati kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chipatso chimaola n'kugwa. Zikakhuta zimatuluka, kulowa m'dothi pansi pa mtengo womwewo, n'kugona m'chikwa. Patapita masiku khumi kapena kuposerapo pang'ono zimatuluka zili ntchentche zatsopano. M'nyengo yotentha ulendo wonsewu umatha pafupifupi mwezi umodzi, ndipo yaikazi imodzi ingathe kuikira mazira oposa 1,000 pa moyo wake.

Mango akatha ntchentche sizifa. Zimasamukira ku magwafa, malalanje, manachesi, mapeyala ndi zipatso zina, kudikira mango a chaka chamawa.

Ntchito yoyamba ndi kutola

Pa mayendedwe onsewa pali malo amodzi pamene mdani ali m'manja mwa mlimi, ndipo ndi pamene chipatso chagwa pansi mphutsi zisanatuluke. Bango lililonse lowola limene lasiyidwa pansi pa mtengo ndi chisa cha ntchentche za mwezi wamawa.

Choncho alangizi a zaulimi amanena kuti zipatso zakugwa zizitoledwa kawiri kapena katatu pa sabata, kuyambira pamene zoyamba zayamba kugwa mpaka nyengo itatha. Zotoledwazo zisatayidwe kudzala kapena kuseri kwa nyumba, popeza kumeneko mphutsi zimalowa m'dothi chimodzimodzi. Pali njira zitatu zozithera.

Yoyamba ndi kukumba dzenje ndi kuzikwirira ndi dothi lochindikala theka la mita, lopondedwa bwino. Dothi likachepa ntchentche zimabowola n'kutuluka. Yachiwiri ndi kuziika m'thumba lapulasitiki lakuda losabooka, kumanga kukamwa, n'kuliika padzuwa masiku angapo. Kutentha kumapha mphutsi, ndipo zotsalazo zimapita ku manyowa. Yachitatu ndi kupatsa nkhumba tsiku lomwelo. Nkhuku nazo zimathandiza. Zikamapalasa pansi pa mitengo zimatola mphutsi ndi zikwa zimene zili pamwamba pa dothi.

Kukolola msanga nako n'kofunika. Ntchentche imakonda chipatso chimene chayamba kufewa ndi kusintha mtundu. Mango akathyoledwa atakhwima koma akadali olimba, n'kukapsera m'nyumba, ambiri amapulumuka. Amene ali ndi mitengo yaifupi ya mango olumikiza, amene amagulidwa bwino, angathe kuveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikadali chaching'ono. Ndi ntchito yotopetsa, koma alimi a ku Asia akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo chipatso chovekedwa ntchentche siichipeza.

Misampha ya mabotolo

Botolo lapulasitiki la madzi kapena la zakumwa limasanduka msampha. Mlimi amaboola timabowo tinayi cha kumtunda kwake, tokwana kulowa chala chaching'ono, n'kuthiramo masese a mowa osungunula ndi madzi, kuwonjezera sopo pang'ono kuti ntchentche zikagwamo zimire. Botolo limapachikidwa m'kati mwa mtengo pamthunzi, pamene dzanja la munthu wamkulu lingafike, ndipo nyambo imasinthidwa sabata iliyonse. Ntchentche zazikazi zimafuna chakudya chotere kuti mazira akhwime, n'chifukwa chake fungo la masese limazikoka.

Palinso nyambo ina yotchedwa methyl eugenol imene imakoka ntchentche zazimuna zokha kuchokera patali. Zazimuna zikachepa m'dera, mazira ambiri saswa. Za nyamboyi mlimi afunse mlangizi wa m'dera lake kapena ku ofesi ya zaulimi ya pa boma, imene pa Chipwitikizi imatchedwa Serviço Distrital de Actividades Económicas.

Msampha pawokha sumaliza ntchentche. Phindu lake lalikulu ndi kuchenjeza. Botolo likayamba kudzaza, mlimi adziwe kuti nthawi yotola ndi yokolola yakwana.

Phunziro la mkungudza wa ku Mulanje

Si kachilombo kalikonse kamene kali pamtengo kali mdani. Phunziro lake lili kutsidya kwa malire, pa phiri la Mulanje limene anthu a ku Milange amaliona tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 1986 ku Malawi kunapezeka nsabwe ya mitengo yotchedwa Cinara cupressi, ndipo kanali koyamba kuoneka mu Africa. Inayamwa ndi kuumitsa mitengo ya mkungudza yobzalidwa, n'kukwera mpaka ku mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhalo. Kupopera phiri lonse kunali kosatheka. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a za nkhalango a ku Zomba, mothandizana ndi anzawo akunja, anabweretsa kamavu kakang'ono kwambiri kochokera ku Ulaya kotchedwa Pauesia juniperorum. Kamavuka kamaikira dzira m'thupi la nsabwe, ndipo mwana wake amaidya kuchokera m'kati.

Achikulire amakumbukiranso kodikodi amene anaononga chinangwa m'zaka za m'ma 1980. Naye anagonjetsedwa ndi kamavu kochokera ku South America, kamene kanamwazidwa m'maiko ambiri a mu Africa. Mtsogoleri wa ntchitoyo, Hans Herren, analandira mphotho ya World Food Prize m'chaka cha 1995. Ntchentche ya mango nayo ili ndi kamavu kake, Fopius arisanus, kamene kamaikira dzira lake m'dzira la ntchentche. Bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Nairobi ndi limene linakafalitsa mu Africa, ndipo ku Mozambique akatswiri a pa Universidade Eduardo Mondlane anakamwaza ku Cabo Delgado.

Mlimi wa kumudzi sangaitanitse timavu kunja, koma ali ndi alonda ake amene safuna malipiro. Akangaude, chiswamphika, bilimankhwe, abuluzi, mbalame ndi mileme onse amadya tizilombo. Kachikumbu kofiira ka madontho akuda, pamodzi ndi ana ake, kamadya nsabwe za m'masamba zambirimbiri. Mankhwala amphamvu a m'botolo amapha alondawa pamodzi ndi mbala. Popeza nsabwe zimaswana msanga kuposa zozidya, pakapita milungu yochepa mtengo umadzaza nsabwe kuposa poyamba, ndipo mlimi amabwereranso kusitolo.

Mlonda wina ndi nyerere zofiira zimene zimasoka masamba kupanga zisa m'mitengo ya kumalo otentha. Anthu amazida chifukwa zimaluma, ndipo ena amatentha zisa zake. Komatu alimi a malalanje ku China anayamba kuweta nyerere za mtundu umenewu zaka zoposa 1,600 zapitazo. Kafukufuku wa ku Benin anaonetsa kuti mitengo ya mango imene ili ndi nyererezi zambiri imakhala ndi mphutsi zochepa, popeza ntchentche imaopa kutera pa chipatso pamene nyerere zadutsa. Ku Tanzania zimateteza mitengo ya kaju. Amene ali nazo angamange chingwe kuchokera pamtengo wa zisa kupita pamtengo woyandikana nawo kuti zioloke. Pokolola, kudzola phulusa m'manja ndi m'mikono kumachepetsa kulumidwa.

Ombwe, nimu ndi sopo

Malalanje, mandimu ndi manachesi ali ndi mdani wawo. Masamba anthete akamaphuka kumayambiriro kwa mvula, nsabwe zakuda zimaunjikana kunsonga, kuyamwa madzi mpaka masamba atapindika. Zimatulutsa timadzi totsekemera, ndipo pa timadzito pamamera chuku chakuda chonga mwaye chimene chimatchinga dzuwa. Nsabwezi zimafalitsanso matenda a malalanje otchedwa tristeza. Munthu akaona nyerere zazing'ono zakuda zikukwera ndi kutsika pa thunthu, ayang'ane kunsonga. Nyererezo zimaweta nsabwe chifukwa cha timadzi tija, n'kumathamangitsa zozidya.

Nsabwe zikakhala zochepa, kuthyola nsonga zogwidwa kapena kuzitsuka ndi madzi n'kokwanira. Zikachuluka, mankhwala oyamba ndi sopo wamtanda. Supuni ziwiri zazikulu za sopo wopala zimasungunulidwa m'malita asanu a madzi, n'kuwaza makamaka kunsi kwa masamba. Sopo amapha nsabwe ndi kodikodi zimene wazikhudza basi, choncho kuwaza kubwerezedwe pakapita sabata. Sopo waufa wochapira zovala amawaula masamba.

Mankhwala achiwiri ndi ombwe, chitsamba chimene ena amati mthuthu, ndipo akatswiri amati Tephrosia vogelii. Alimi ambiri amachidziwa ngati chobwezera chonde m'nthaka. Masamba ake ali ndi poizoni wopha tizilombo. Amathyoledwa, kuyanikidwa pamthunzi, n'kusinjidwa. Kilogalamu imodzi ya ufawo imaviikidwa m'malita khumi a madzi pamodzi ndi sopo pang'ono usiku wonse. M'mawa madziwo amasefedwa ndi nsalu, koma kuwaza kumachitika madzulo, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwalawa. Wopanda pampu angagwiritse ntchito tsache la udzu kapena botolo loboola chitsekerero.

Pali alimi amene anayesa ombwe n'kuusiya, akuti sugwira ntchito. Sankanama. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Natural Resources Institute ya ku Britain pamodzi ndi anzawo a ku Malawi anafalitsa zimene anapeza atayeza ombwe wochokera m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Anapeza kuti ombwe uli mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chinalibe poizoni wopha tizilombo. Motero mlimi ayambe wayesa pa nthambi imodzi ya nsabwe. Ngati pakutha masiku awiri nsabwe zili moyo, akapemphe mbewu kwa mnzake amene ombwe wake umapha.

Mankhwala achitatu ndi nimu, mtengo umene Apwitikizi amati margosa. Umakonda malo otentha ngati ku Tete ndi kuchigwa cha Shire, choncho ambiri ku Milange njere zake amachita kutumitsa. M'chaka cha 1959 katswiri wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, ali ku Sudan anaona dzombe litadya zomera zonse n'kusiya nimu yekha. Pambuyo pake zinadziwika kuti mu nimu muli mankhwala amene amachotsa chilakolako cha kudya mwa kachilombo ndi kukalepheretsa kufundula. Mphamvu zambiri zili m'njere. Theka la kilogalamu ya njere zosenda ndi zosinja limaviikidwa m'malita khumi a madzi usiku wonse, kusefa, kuthira sopo pang'ono, n'kuwaza madzulo. Nimu sapha pompopompo. Tizilombo timasiya kudya, n'kumafa pang'onopang'ono patapita masiku. Amene sadziwa zimenezi amataya mtima msanga.

Tsabola wakambuzi, adyo ndi masamba a deliya nazonso alimi amasinja ndi kuviika m'njira yomweyo. Mphamvu yake ndi yocheperapo, koma zimathandiza vuto likamayamba kumene.

Chiswe ndi mitengo yaing'ono

Namondwe Freddy atagwetsa mitengo ndi kugumula mapiri mbali zonse ziwiri za malire mu Malichi 2023, kubzala mitengo kunakhala nkhani ya moyo. Koma mbande zambiri, makamaka za bulugamu, sizifika chaka chachiwiri chifukwa cha chiswe.

Chiswe chimayambira pa mtengo wofooka, waludzu kapena wovulala. Mmera mpoyamba. Mbande ibzalidwe mvula ikangokhazikika mu Disembala, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Dzenje likhale lalikulu, la manyowa owola bwino, lopanda zitsotso ndi mapesi ouma. Alimi ambiri amasakaniza phulusa ndi masamba a ombwe kapena a nimu m'dothi la m'dzenje, n'kumawaza phulusa mozungulira tsinde. Phulusa limathamangitsa chiswe kwa kanthawi kochepa, ndipo mvula ikagwa liyenera kuthiridwanso. Zinyalala zophimbira nthaka zisakhudze tsinde, patsale mpata wokwana chikhato. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, chitini chimodzi cha madzi pa sabata chimapulumutsa mbande kuposa mankhwala alionse. Pamalo a zulu zambiri ndi bwino kubzala mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi mlombwa, imene chiswe sichiivutitsa ngati bulugamu.

Mitengo yaikulu nayo imafuna chikwanje. Mango akatha, nthambi zouma, zodwala ndi zothithikana zidulidwe kuti mphepo ndi dzuwa zilowe, ndipo zodwalazo zitenthedwe. Pakaoneka utuchi pa thunthu ndiye kuti m'kati muli mbozi yoboola. Waya wolowetsedwa pa bowo amaipha, kenaka bowolo limatsekedwa ndi dongo.

Chochokera kutchire nacho chimapha

Pali chenjezo limene aliyense ayenera kumva. Mankhwala opangidwa ndi masamba akadali poizoni.

Ombwe ndi umene anthu ena ankaphera nsomba. Chidebe chimene mwaviikidwa ombwe chisatsukidwe mu mtsinje wa Ruo, wa Muloza, kapena m'khwawa lililonse, ndipo matsalira asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena damu la nsomba. Mtondo wosinjira mankhwala ukhale wosiyana ndi wa chimanga. Wosinja ndi wowaza amange nsalu pamphuno, aime kumene mphepo ikuchokera, ndipo akatha asambe ndi sopo. Ana ndi amayi oyembekezera asagwire ntchitoyi. Madzi a ombwe asasungidwe m'botolo la zakumwa. Zipatso zowazidwa zidikire masiku angapo ndipo zitsukidwe zisanadyedwe.

Madzi a fodya ndiwo oopsa kuposa onse. Chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu ndipo chingathe kupha munthu. Pa mitengo ya zipatso ndi bwino kuwasiyiratu.

Nthawi ya maluwa, imene kwa mango ndi cha m'ma Julayi mpaka Seputembala, mtengo usawazidwe kanthu. Njuchi ndi tizilombo tina timene timatera pa maluwa ndi timene timabereketsa mtengo. Kuzipha ndi kudzichotsera zokolola.

Nkhani ya mudzi wonse

Ntchentche sidziwa malire a munda, ngakhale a dziko. Banja limodzi likamatola mango akugwa pamene oyandikana nalo akusiya awo kuwolera pansi, ntchentche zimangooloka mpanda. Mitengo ya pabwalo la mfumu, ya kusukulu, ya kutchalitchi, ya kumzikiti ndi ya m'mabwinja imene ilibe mwini ndi imene imaswetsa ntchentche zambiri. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Apa ndi pamene mafumu, aphunzitsi ndi magulu a alimi ali ndi gawo. Mudzi ungathe kugwirizana masiku awiri pa sabata otolera zipatso, dzenje limodzi pa mabanja angapo, ndi munthu woyendera misampha. Mabotolo, masese, phulusa ndi khasu zili kale pakhomo lililonse. Mbewu ya ombwe imafesedwa ndi mvula yoyamba m'mphepete mwa munda, ndipo pakutha miyezi ingapo masamba amakhala atakwana kuthyola.

Mwezi wa Okutobala ndiwo wokumba maenje ndi kupachika mabotolo, mango asanayambe kugwa. Mudzi umene udikire mpaka mphutsi zitaoneka pa msika udzakhala utataya kale mbali yaikulu ya zokolola za chaka chimenecho.